Akuti Ndipume

3 Meyi

Achimwene,

Amene andilakwira ndi akazi anu. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti ngati adalaivala a lole anyowetsa kalatayi monga anachitira ndi ija ya chaka chatha, mawu oyambawa okha apulumuke. Tsopano moni. Muli bwanji ku msewu mukumangawo? Ukutha, kapena mukungodya fumbi? Kuno mwana ali bwino, wamera mano awiri ndipo akuwayesera pa aliyense. Alamu ali bwino kuposa tonse. Ine ndili m'ndende.

Mwina mwamva kuti ndinagwa ku ntchito. Sindinagwe. Ndinakhala pansi ndekha, kuseri kwa makina a fotokope, chifukwa chifuwa chinandithina ngati wina wandikhalira, manja anachita dzanzi, ndipo ndinaona kuti basi ndikufa, pamaso pa bambo wina amene ankadikira makope a chiphaso chake. Bamboyo anafunsa ngati makope ake atuluke kaye. Abwana ananditengera ku chipatala n'kuitanitsa alamu.

Anamwino anandiyeza zonse. Mtima ulibe vuto, magazi ali bwino. Kenako anakoka mpando n'kuyamba kundifunsa zinthu zimene palibe anandifunsapo: ndimagona nthawi yanji, masana ndimadya chiyani, dzuwa linandiwomba liti komaliza, ndimacheza ndi ndani. Ndinayankha zoona. Ndimagona foni ili m'manja, nkhomaliro ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mabisiketi pambali pa kiyibodi, ndimalowa m'shopu kusanache bwino n'kutuluka kutada, ndipo ocheza nawo ndi makasitomala ondikalipira. Anati ndi nkhawa, yakhala ikuunjikana, ndipo thupi ndi mutu ndi munthu mmodzi: ukamana china, chinzake ndicho chimalira. Anati ndizigona nthawi imodzimodzi, ndizidya chakudya chenicheni, ndiziyendayenda m'mawa kunja, ndizionana ndi anzanga, foni izigona kwina ine kwina. Ndipo chikandigwiranso, ndizipuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndi mphuno, kuutulutsa ngati ndikuuzira tiyi wotentha. Anandionetsa, tinachita limodzi.

Alamu analowa kumapeto kwenikweni, mwana akulira kumsana. Chimene anamva n'chakuti: "Chachikulu azipuma bwino."

Achimwene, ine ntchito yanga ndi mawu. Ndimatayipira anthu makalata ofunsira ntchito, ndipo ndaona munthu akukanidwa chifukwa cha chilembo chimodzi. Kupuma kuli pawiri. Anamwino ankanena kupuma kwa mphuno. Alamu anatola kupuma kwa nkhalamba ya pa penshoni. M'mawa mwake, ine ndili m'tulo, anavala diresi lawo la ku tchalitchi n'kupita kwa abwana kukanena kuti achipatala alamula kuti ndipume pa ntchito, apo ayi ndifera pa kompyuta. Abwana ndi mayi wamantha. Akuti safuna maliro m'shopu mwawo, ndipo andilandiranso pokhapokha mwini nyumba ino atanena yekha kuti ndili bwino. Mwini nyumba ndinu. Mpando wanga ausunga mpaka kutha kwa mwezi uno basi, chifukwa Juni akangoyamba masukulu amabweretsa mayeso oti titayipe, ndipo mayeso sadikira munthu.

Ndinayesa kuwafotokozera alamu. Ndinati, "Anatanthauza mpweya." Iwo anati, "Nanga mpweya munthu amachita kuuzidwa? Ukanakhala kuti sukupuma mpweya si bwenzi tikukuika m'manda?" Ndinati anatinso ndiziyendayenda. Apo ndiye ndinaponda mchira wa galu. Akuti mtsikana woyendayenda m'nyumba mwawo ayi, anamwinowo akanene zimenezo kwa ana awo. Geti lili ndi loko, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwawo. Foni ili mu sutikesi yanu pamwamba pa wadiropu. Pa malangizo onse aja, la foni lokha ndilo analimva bwino, n'kuwonjezerapo zawo.

Ndiye lembani. Mizere iwiri kwa abwana, iwiri kwa alamu. Kumeneko foni sizigwira, ndikudziwa, koma cholembera chimagwira. Ndalama sindikupempha ulendo uno, muonere pomwepo kuti zafika povuta.

Ndine mchemwali wanu,
Kalumo
(dzinali munandipatsa ndinu, musadandaule likamacheka)

4 Meyi

Bambo a mwana,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimfine chija chinasiya. Ife tilipo. Mwana wayamba kuimirira chogwira mpando, ndipo akaona jekete lanu pa msomali amalilozera. Sopo ndi mafuta zatsala pang'ono, mukapeza mpata mutikumbukire.

Ndaona mchemwali wanu akupereka envelopu kwa adalaivala pamwamba pa mpanda, ndiye ndati nanenso ndilembe, mungamve mbali imodzi. Ine sukulu sindinapite nayo patali ngati iye, mawu anga ndi ochepa.

Inu simunamuone tsiku lija. Ndinamupeza pa benchi ya ku chipatala milomo itauma, akunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa, n'kundigwira dzanja amvekere alamu musandisiye. Lero akukana, akuti sananene. Ananena. Zikhadabo zake zinandisiyira zizindikiro. Ndipo inu pochoka munati mlamu wakoyu ndakusiyira m'manja. Ndiye akakagwera pa msewu, pakati pa magalimoto, ine ndidzakuuzani kuti chiyani?

Anamwino anati apume, ndinamva ndi makutu angawa. Ndikumupumitsa. Ndamuikira makatani okhuthala kuti azigona ngakhale masana. Tsache sagwira, mbale satsuka, mwana sindilola kuti amunyamule. Ndimamuphikira mazira, masamba, nyemba, zipatso ndimachita kumusendera, ndipo masaya ayamba kubwerera. Koma m'malo mothokoza amanditchula kuti a gadi. Dzulo wandifunsa kuti kodi pa ndende pano alendo amaloledwa tsiku lanji. Anzake awiri anabweradi, ndinawabweza pa geti mwaulemu, chifukwa atsikana aja ndi aphokoso, komanso sindifuna akalengeze kuti kwathu kuno kuli wodwala mutu. Pakamwa pa anthu mukupadziwa. Mawa akadzafuna banja, nkhani imeneyi idzamutsogolera.

M'mawa amazungulira nyumba, kuchokera pa thanki ya madzi kukafika pa chingwe choyanikira zovala n'kubwereranso, mpaka udzu wafa m'mene amapondamo. Ndikamuona choncho mtima umandipweteka, ndipo ndimadziwa kuti sanachire. Munthu wabwinobwino sazungulira nyumba.

Ndiuzeni chochita. Chimene munene ndichita.

Mkazi wanu,
Mayi a mwana

11 Meyi

Mayi a mwana,

Moni nonse. Makalata onse awiri ndalandira. Ndikulembera pa bondo, chothamanga, adalaivala aliza kale injini. Kuno tikuthira phula tsiku lonse, maso akuwawa, koma tili moyo. Sopo ndi mafuta ndawapatsira.

Mwavutika, Mulungu akudalitseni. Za Kalumo ndamva zonse. Msiyeni mwanayo apume. Zinazo ndilemba ndikakhala pansi bwinobwino. Mundipsompsonere wa mano awiriyo.

Ndine,
Bambo a mwana

19 Meyi

Achimwene,

Moni, poti anatiphunzitsa kuyamba choncho.

Alamu anandiwerengera kalata yanu ataimirira pakhomo la chipinda changa, mokweza ngati wolengeza zotsatira za mayeso. Sindinakhulupirire, ndinailanda. Ndi dzanja lanu ndithu, "p" wanu uja wokhala ngati wathyoka mwendo. "Msiyeni mwanayo apume." Ine ndinadzaza mapepala kukufotokozerani mawu amodzi omwewa, inu n'kuwabweza osawasenda n'komwe. Ngati munkatanthauza kuti andimasule, chinavuta n'chiyani kulemba kuti tsegulani geti? Ngati munkatanthauza zawozo, nenani, ndidziwe kuti adani ndili nawo awiri.

Tsopano alamu ali ndi chilolezo. Kalata yanu aiika m'Baibulo. Kuzungulira nyumba kuja aletsanso, akuti ndikudzitopetsa, mwini nyumba wanena. Ndinawapempha kuti tibwerere kwa anamwino akamve okha. Akuti tsiku limene anatipatsa ndi la mu Juni, ndipo anthu ophunzira ngati aja sitimawabwereza mawu. Ndinati, "Nanga ine wophunzira wa m'nyumba mwanu muno, bwanji simundimvera?" Anati, "Iwe ndiwe wodwala, idya dziralo lisanazizire."

Chipinda chino ndachiloweza. Pa denga pali banga la mvula looneka ngati mutu wa mbuzi, ndipo ndayamba kuipatsa moni. Makatani akatsekedwa sindidziwa ngati kwacha kapena kwada, ndimadziwira wailesi ya oyandikana nawo ndi fungo la anyezi. Masana ndimagona chifukwa palibe chochita, ndiye usiku tulo sitibwera. Zala zanga zimatayipa zokha pa bulangete. Ndimaganiza za mpando wanga, uja wa mwendo umodzi wotsamira pa katoni yopinda, ndi za pulinta imene imameza pepala ukapanda kuigwira kumbuyo. Ndani akuigwira?

Ndikuuzani chinthu chimodzi, ndipo musakawauze. Lachinayi kunabwera wowerenga mita ya madzi, alamu n'kuiwala kukhoma. Geti linangokhala chitsegulire. Ndinavala nsapato, ndinafika pomwepo, phazi limodzi kunja. Msewu womwe uja ndauyenda zaka zonsezi unandikulira. Njinga yamoto inadutsa, chifuwa n'kuthina, ndipo ndinabwerera ndekha, popanda wondigwira. Ndinakakhala kuseri kwa thanki n'kumapuma monga anandiphunzitsira anamwino, mphuno kaye, kenako kuuzira tiyi, mpaka chinandisiya. Chinandisiyadi, mayi uja ntchito yake amaidziwa. Koma mwezi watha msewu sindinkauopa. Mantha awa ndawapezera muno, mopumulira muno. Akandisunga mwezi wina, loko sadzafunikanso.

Mwezi ukutha, achimwene. Lembani mawu oti ngakhale mwana wanu wa mano awiriyu awamve.

Kalumo

26 Meyi

Kalumo mchemwali wanga,

Moni. Kalata yako yandicheka, ndipo ndavomera. Ndinkatanthauza kuti akumasule, upeze mpweya. Ndinalemba tulo tili m'maso, ndiponso ine si wa mawu ngati iwe, ine ndi wa fosholo. Nditawerenga yakoyo ndinatchulira anzanga ogona nawo chipinda chimodzi mawu anga aja, n'kuwafunsa kuti amva chiyani. Wa bedi la pansi anati, "Akuti agone." Wa bedi la pamwamba anati, "Ayi, akuti amutaye aziona yekha." Anakangana mpaka chakudya chinapserera. Pamenepo ndinadziwa kuti ndalakwitsa.

Zimene ukunenazo si zachilendo kwa ine. Kunonso kuli mpanda, geti ndi mlonda, ndipo kunja kwake ndi tchire lokhalokha. Miyezi yanga yoyamba ndinkadzuka mtima ukugunda ngati injini ya jenereta. Chimene chimandisunga ndi mpira wa Lamlungu, ngakhale amandiika pa golo chifukwa cha mimba, ndi kuyenda ndi anzanga mpaka pa mlatho tikaweruka. Sindinakulembereni zimenezi chifukwa kalata ya mwamuna imangoti ndili bwino, sopo ndatumiza.

Muno muli makalata ena awiri. Ya abwana ako ikunena kuti uli bwino ndipo ubwerere pa mpando wako. Ya alamu ako ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu: TSEGULANI GETI, MPATSENI FONI, AZIPITA KU NTCHITO. Ndawawerengera a pa mabedi aja, onse amva chimodzi. Koma usawadye amoyo alamu akowo. Anachita mantha, ndipo mantha amenewo ndinawasiyira ndine pochoka.

Adalaivala alumbira kuti afika mwezi usanathe.

Mchimwene wako

17 Juni

Achimwene,

Moni. Tonse tilipo. Mwana waponya mapazi awiri yekha n'kugwera pa mphaka.

Makalata anu anafika pa 5 Juni, akununkha dizilo. Lole inafera panjira, adalaivala anagona nayo kuthengo kudikira chitsulo. Anapepesa kwa alamu chifukwa chochedwetsa sopo wa mwezi uno. Kwa ine sanapepese, poti sadziwa chimene ananyamula.

Alamu anawerenga zilembo zanu zikuluzikulu mpaka pansi, n'kuyambiranso pamwamba. Anavula chingwe m'khosi, anaika kiyi pa tebulo osandiyang'ana, n'kukalowa ku bafa. Anatsegula mpopi nthawi yaitali, ngati kuti ine sindidziwa kulira kumamveka bwanji. Atatuluka anati, "Ine ndimati ndikukusunga." Ndinati, "Mwandisungadi, ngati nyemba za m'thumba. Ndafumbwa."

M'mawa mwake linali tsiku lathu la ku chipatala. Anamwino atamva zonse anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti, "Mayi, ine ndinkanena mpweya." Alamu anayankha motsitsa, "Ndiye bwanji simunanene kuti mpweya?" Anamwino anangovalanso magalasi awo. Ine zinandinyansa kuti alamu afunsa funso labwino.

Kuchoka apo tinapita ku shopu. Ndati tinapita, chifukwa ndekha sindikanafika. Pa mphambano ya magalimoto ambiri paja chinandigwira. Ndinatsamira khoma n'kuyamba kupuma, alamu n'kuima pambali panga, mwana kumsana, kumapuma nawo mokweza ngati ng'ombe yokoka ngolo, mpaka wogulitsa nsapato anafunsa kuti wodwala ndi uti. Musawauze kuti zinathandiza.

Pa mpando wanga pali mtsikana wina, mwana wa achemwali awo a abwana, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Amatayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha. Katoni ija anaichotsa, mpando ukugwedera, iye sakudziwa chifukwa chake. Abwana anawerenga kalata yanu, anati ndi yabwino, pepani, mayeso sakanadikira, ndipo mwana wa m'bale sachotsedwa. Kenako anati pali ntchito ina, yokapereka mapepala otha ku masukulu ndi m'maofesi, wapansi, poti bambo amene ankaigwira pa njinga anasiya. Malipiro ake musafunse.

Ine wa satifiketi, amene ndinkakonzera aphunzitsi masipelo, kukhala mesenjala. Ndinafuna kuwaponyera kalata yanu kumaso. Koma nditacheuka ndinaona alamu ataima pakhomo, ndipo kuseri kwawo kunali njira yobwerera ku chipinda chija. Ndinavomera.

Ndiye ndimanyamuka m'mawa ndi chikwama ku phewa. Ndimayenda mpaka mapazi kutentha, ndimapatsa moni alonda ndi masekeletale, nkhomaliro ndimadyera pansi pa mtengo ndi anzanga aja anabwezedwa pa geti. Madzulo tulo timandipeza ndisanavule nsapato, foni ndimaiiwala ndekha pa tebulo. Chinandigwirako pa masitepe a ofesi ina. Ndinakhala pansi, ndinapuma, ndinadzuka, ndinapereka envelopu. Anamwino akuti ndikuchita bwino ndipo ndizibwerabe. Inu musasangalale. Zonsezi ndikanazichita ndili ndi mpando wanga. Ndikafika ku shopu kudzatenga katundu ndimaona mapepala a mtsikana uja ali ndi zolakwa pa mzere woyamba pomwe, ndipo ndimawanyamula choncho, chifukwa wonyamula safunsidwa.

Mwati ndisawadye amoyo. Sindiwadya. Moni wawo ndimayankha, mwana ndimamunyamula, mbale ndimatsuka. M'mawa amandiikira chakudya m'kontena, amachita kusankha dzira lalikulu, ndipo ndimalandira ndi manja awiri. Koma za kukhululuka musandifunse chaka chino, ndipo musatume abusa. Ntchito ija ndinaipeza ndekha, ndinagogoda ndekha zitseko mpaka china chinatseguka, ndipo inachoka ine ndili m'tulo.

Nkhani iyi ndailemba komaliza. Mukadzabwera musadzaiyambe, pa tebulo kapena pambali. Sindidzaitchulanso kwa inu, kwa iwo, ngakhale kwa mwanayu akadzakula n'kufunsa chifukwa chake azakhali ake ali ndi zidendene zong'aluka.

Kalumo